Khanda Linkatsala ndi Yani? Mbiri ya Kulera Ana ku Kadoma ndi Chegutu

Amayi anzathu, tikakumana m'magulu mwathu timawerenga masheya, ngongole, chiwongoladzanja ndi zindapusa za obwera mochedwa. Koma mutati mufunse mayi aliyense kumene ndalama imene wabwereka ikupita, mayankho ambiri athera pa mwana: matewera, ufa wa phala, basi yopitira kusikelo, malipiro a mlezi, kapena mpamba wa geni yochitira pakhomo kuti khanda lisatsale lokha. Pamene tikukumbukira zaka zimene tayenda limodzi, ndi bwino tione kumene khalidweli linachokera. Titsata funso limodzi m'matauni awiri a ku Zimbabwe kumene Chichewa chakhala chikumveka kwa zaka zoposa 100: bambo ndi mayi akapita kuntchito, khanda linkatsala ndi yani?

Njira yochokera kumudzi

Chegutu ili pa mtunda wa makilomita oposa pang'ono 100 kuchokera ku Harare, pa msewu wopita ku Bulawayo. Kadoma ili patsogolo pake, makilomita oposa pang'ono 30. Mpaka 1982 Chegutu inkatchedwa Hartley, ndipo Kadoma inali Gatooma. Matauni onsewa anakula chifukwa cha golide ndi njanji imene inalumikiza Salisbury ndi Bulawayo mu 1902. Kuzungulira derali kunali migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari, Giant ku Gadzema, Golden Valley ndi Patchway, komanso mafamu akuluakulu a azungu.

Migodi ndi mafamuwa ankafuna manja ambiri otsika mtengo. Ku Nyasaland nako anthu anali atapanikizika ndi msonkho komanso thangata. Amuna anayamba kuyenda wapansi kudutsa ku Tete, nkuoloka Zambezi, nkulowera ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Ena ankatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lomwe linayamba mu 1903, ndipo ntchito ya mtundu umenewo anthu ankaitcha chibalo. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Chaka chotsatira maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anagwirizana za kayendedwe ka antchito, ndipo pambuyo pake kunabwera malole onyamula anthu osalipira, amene aliyense ankawadziwa ndi dzina loti Ulere. Kenaka kunabweranso Mthandizi.

Poyamba ambiri anali amuna okhaokha. Koma zaka zitapita, ena anaitanitsa akazi awo kumudzi, ena anakwatira akazi a Chishona, enanso anakwatira ana a anzawo ochokera ku Nyasaland, ku Tete kapena ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Amene sanabwererenso kwawo ankatchedwa matchona. Ana awo ndiwo anabadwira m'makomboni.

Chikuta chopanda agogo

Kuti timvetse kulemera kwa nkhaniyi, tikumbukire mmene mwana ankalandiridwira kumudzi. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao ambiri, mwamuna ankapita chikamwini, ndipo mayi ankachira ali pakati pa abale ake. Mayi ake omubereka anali pafupi, azamba anali odziwika, achemwali ankatunga madzi ndi kusinja. Mayi ndi khanda ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Mwini mbumba ankadziwa kuti pamudzi pabwera munthu watsopano. Mayi akabwerera kumunda, mwana ankasinthana misana ya agogo, azakhali ndi atsikana a pamudzi.

M'komboni zonsezi kunalibe. Nyumba inali ya kampani, kawirikawiri chipinda chimodzi. Chakudya chinali cha muyezo: ufa, nyemba, mchere ndi kanyama pang'ono, ndipo muyezowo unali wa wantchito, osati wa banja lake. Bambo ankalowa pansi kukadali mdima nkutuluka atatheratu mphamvu, mwinanso kugwira shifiti ya usiku. Tsiku limene ntchito yatha, nyumba nayonso yatha.

Apa panali kusiyana kwakukulu pakati pa obwera ndi eni dziko. Lamulo la 1930 logawa malo, la Land Apportionment Act, linapanikiza anthu akuda onse, koma wantchito wa Chishona anali ndi kumudzi kwake, kumene akanatha kutumiza mkazi woyembekezera kapena mwana woleka kuyamwa kuti akakhale ndi agogo. Banja la ku Nyasaland linalibe munda kapena mudzi m'dzikomo. Agogo anali kutsidya kwa Zambezi, ulendo wa masabata. Mwana ankabadwira pa ntchito, nkukulira pa ntchito.

Tisaganize kuti amayiwo ankangokhala. Malipiro a bambo sankakwana, choncho mayi ankalima kadimba kuseri kwa komboni, kuphika zogulitsa, kuchapira amuna osakwatira, kufulula mowa ngakhale kuti apolisi a pamgodi ankalonda. M'mafamu ankapalira, kukolola chimanga ndi kutola thonje, mwana ali kumsana pa dzuwa, kapena atamugoneka pamthunzi kumapeto kwa mzere. Ena analembedwa ntchito yolera ana a azungu m'tauni, nkumasiya awo m'manja mwa kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Ana aakazi ambiri a m'makomboni sanaphunzire chifukwa anali alezi a azing'ono awo.

Chibale chopanga okha

Posowa abale, anthuwa anadzipangira chibale. Mayi wachikulire wa m'komboni, ngakhale wochokera boma lina, ankasanduka nankungwi ndi mzamba. Iye ndiye ankalangiza mtsikana wa mimba yoyamba, kumusambitsira khanda, kumuonetsa kamangidwe ka mbereko. Mtonga wa ku Nkhata Bay, Myao wa ku Mangochi ndi Msena wa ku Nsanje, amene kumudzi sakanadziwana, kuno ankaitanana kuti achimwene ndi achemwali. Chinyanja chinakhala chilankhulo cha pampopi ndi pamaliro. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe unali lamulo la tsiku ndi tsiku, chifukwa wokana kugwirira mnzake mwana lero akanasowa womugwirira mawa.

Magulu olongosoka anayambira pa maliro. Cha mu 1918, chaka cha mliri wa chimfine umene unapha antchito ambiri m'migodi, anthu ochokera ku Port Herald, komwe ndi Nsanje lero, anali ndi bungwe lawo losonkherana ndalama zoikira maliro, la Port Herald Burial Society. Mabungwe otere anafalikira m'migodi ndi m'matauni. Anali ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi buku la zopereka, monga momwe magulu athu alili.

Mipingo inathandizanso. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kupita ku Salisbury kukatumikira antchito ochokera kwathu, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inabala sinodi ya CCAP ya Harare. Asilamu a Chiyao anamanga mizikiti m'migodi ndi m'malokeshoni. Gule wamkulu ndi beni zinkavinidwa m'makomboni. M'magulu a amayi a kutchalitchi ndi a kumzikiti, wochira ankayenderedwa ndi sopo, nkhuni ndi ufa. Kusonkherana kwa amayi a mbali ino kunayamba motero, ndi mbale ya ufa, ndalama zisanachuluke m'manja mwawo.

Zaka za thonje

Golide sanali yekha. Mu 1925 boma linatsegula malo ofufuzira za thonje ku Gatooma, ndipo m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'tauniyi munamangidwa fakitale yopota ulusi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya David Whitehead inayamba kuomba nsalu ku Hartley. Dzinali amayi a ku Malawi akulidziwa bwino, poti fakitale ya dzina lomweli inatsegulidwanso ku Blantyre. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, mabanja ambiri anabwera kudzakhazikika. Malokeshoni a Rimuka ku Kadoma ndi Pfupajena ku Chegutu anadzaza ndi mabanja a antchito a m'mafakitale ndi m'migodi.

Moyo wa banja unkayendera belu la fakitale. Bambo wa shifiti ya usiku ankafuna tulo masana, m'nyumba momwemo mmene khanda likulira. Mayi ankatuluka nalo kupita kumsika kapena kwa mnansi. Nyumba ya banja m'lokeshoni inkadalira ntchito ya mwamuna ndi mtchatho wa ukwati, moti mayi wamasiye kapena wosiyidwa akanatha kutulutsidwa ndi ana ake. Pamaso pa lamulo mayi wachikuda ankatengedwa ngati mwana, woyang'aniridwa ndi bambo ake kapena mwamuna wake, ndipo amene anali pa ntchito yolembedwa akatenga pakati kawirikawiri ankangoisiya.

Mgodi wa Cam and Motor, umene pa nthawi ina unali wotulutsa golide wambiri m'dziko lonselo, unatsekedwa mu 1968. Mabanja anaona okha kuti kampani ikatseka, nyumba, chipatala ndi sukulu zimagwedezeka limodzi. Zaka zomwezo kusunga ndalama m'magulu kunayamba kulongosoka m'dzikomo. Mu 1963 Brother Francis Waddelove, wa chipani cha Jesuit, anayambitsa kalabu yoyamba yosungira ndalama ku Chishawasha pafupi ndi Salisbury, ndipo makalabu otere atafalikira, ambiri mwa mamembala ake anali amayi.

Ufulu ndi khadi la kusikelo

Ufulu wa 1980 unabweretsa zinthu zimene mayi wa m'komboni anaziona ndi maso. Chithandizo cha kuchipatala chinakhala chaulere kwa olandira ndalama zosafika madola 150 a Zimbabwe pamwezi. Katemera wa ana anafalikira, ndipo khadi la kusikelo linalowa m'nyumba zambiri. Mu 1982 lamulo la Legal Age of Majority Act linanena kuti mkazi akakwanitsa zaka 18 ndi munthu wamkulu payekha, wotha kusaina pangano popanda chilolezo cha mwamuna. Kwa ife osunga ndalama, lamulo limeneli ndi lalikulu. Mu 1985 lamulo la ntchito linapereka tchuthi cha uchembere cholandira nacho gawo la malipiro.

Lero lamulo la ntchito ku Zimbabwe limapatsa mayi masiku 98 a tchuthi cha uchembere pa malipiro athunthu, komanso ola limodzi patsiku loyamwitsira akabwerera kuntchito. Kusintha kwa 2023 kunachotsa lamulo loti mayi ayambe wagwira chaka chathunthu asanalandire tchuthichi. Ku Malawi lamulo la 2000 limapereka masabata asanu ndi atatu, ndipo kusintha kwa 2021 kunapatsa abambo masabata awiri. Koma achipatala amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, pamene masiku 98 ndi miyezi itatu ndi masiku owerengeka. Ndipo wogulitsa tomato, wotola thonje wa ganyu ndi wopita kukaoda katundu kunja alibe abwana owapatsa tchuthi. Kwa iwo tsiku lokhala pakhomo ndi tsiku lopanda ndiwo.

Pamene zonse zinagwedezeka

Kuyambira 1991 ndondomeko ya ESAP inachotsa anthu ambiri pa ntchito ndipo kulipira kuchipatala kunakhwima. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa. Nsalu zotchipa zakunja ndi kaunjika zinafooketsa mafakitale a thonje, ndipo m'zaka za m'ma 2000 David Whitehead inagwa m'ngongole, antchito ambiri nkukhala pakhomo. Edzi inatenga makolo achinyamata, ndipo amayi amene anakula opanda agogo anapezeka ali agogo olera zidzukulu zamasiye. Kuyambira mu 2000, kulandidwa kwa mafamu kunasiya antchito ambiri a m'mafamu opanda ntchito ndi pokhala, ndipo pakati pawo panali ambiri a magazi a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, opanda mudzi wothawirako.

Mu 2008 ndalama inasanduka pepala. Penshoni za madala amene anagwira ntchito zaka 30 pansi pa nthaka zinasungunuka, ndipo mu Januwale 2009 kunatuluka ndalama ya pepala ya madola 100 thiriliyoni. Nthawi yomweyo kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dzikomo, ndipo Chegutu ndi Kadoma zinali pakati pa madera okhudzidwa kwambiri. Mliri wina wa kolera unayambiranso ku Chegutu mu Febuluwale 2023. Kwa mayi wa khanda, madzi osadalirika a m'tauni ndi nkhani ya mmawa uliwonse: ochapira matewera, ophikira phala, osambira m'manja.

M'zaka zimenezi udindo wodyetsa banja unagwera kwambiri amayi. Ambiri anayamba kuoloka malire ku Beitbridge, Plumtree, Chirundu ndi Nyamapanda kukagulitsa zoluka ndi kukaoda katundu. Wa mwana woyamwa ankakwera naye basi usiku wonse. Wa mwana woleka kuyamwa ankamusiya kwa mnansi sabata yathunthu, bambo nkuphunzira kuphika phala ndi kupita kusikelo, zimene atate awo sankachita. Magulu amene a Chishona amati mukando, ife timati chipereganyu kapena banki mkhonde, anapulumuka chifukwa anasintha msanga: anayamba kusonkha madola a ku America kapena ma rand, kapena kugulirana mapoto, mabulangete, shuga ndi mafuta ophikira, zinthu zosagwa mtengo usiku umodzi. A ku Malawi, amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akudziwa phindu la nzeru imeneyi.

Amuna ndi akazi ambiri anatembenukira ku golide wokumba okha. Ntchitoyi yadyetsa mabanja, komanso yawalanda abambo: mu Febuluwale 2019 madzi anasefukira m'migodi ya ku Battlefields pafupi ndi Kadoma nkupha anthu oposa 20. Palinso ngozi yosaoneka. Kafukufuku wa Global Mercury Project, amene anachitika m'dera la Kadoma ndi Chakari kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anapeza mankhwala a mercury, ogwirira golide, m'matupi mwa anthu ngakhalenso mumkaka wa m'mawere wa amayi ena. Phunziro lake si kuleka kuyamwitsa ayi. Ndi loti mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana asayandikire utsi pamene akuotcha golide, ndipo zimenezi zisachitikire m'khitchini. Koma mayi angatalikire bwanji utsiwo ngati alibe womusiyira mwana, kapena geni ina yodalira?

Pepala la mwana

Pali cholowa china chowawa chimene mabanjawa anapatsirana, ndicho kusowa mapepala. Ana ambiri obadwira m'mafamu ndi m'makomboni sanalembedwe m'kaundula. Ena anali ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo, ngakhale kuti ku Malawi sanapondeko. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu amene makolo awo anabadwira kunja anauzidwa kuti akane unzika wa dziko linalo m'miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri sanamve, ena analibe ndalama yopitira ku Harare, ndipo anataya unzika. Mayi wopanda chiphaso amavutika kutengera mwana wake setifiketi ya kubadwa, ndipo mwanayo akakula nkubereka, vutolo limapitirira. Wopanda setifiketi amavutika polemba mayeso, potenga chiphaso ndi pasipoti, ngakhale potsegula akaunti.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula khomo. Munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Malamulo omwewa amati mwana apatsidwe setifiketi ya kubadwa mwamsanga, ndipo lamulo la kalembera limati kubadwa kwa mwana kulembetsedwe pasanathe masiku 42. Komabe khomo lotseguka silithandiza amene alibe ndalama ya basi kapena mboni yomuperekeza.

Zimene mbiriyi ikutisiyira

Tikaiona yonse, mbiriyi ikuonetsa kuti migodi, mafamu ndi mafakitale zinkawerengera wantchito mmodzi, koma kulera mwana wake sizinkakuwerengera. Ntchito imeneyo inkagwiridwa ndi amayi a nyumba zoyandikana, osalipidwa, osalembedwa m'buku lililonse. Makampani anatseka ndi kutsegulanso, monga Cam and Motor imene inayambiranso mu 2015. Ndalama zasintha mayina kangapo, mpaka ZiG ya 2024. Chimene sichinaduke kuchokera m'masiku a Ulere ndi mayi kulandira mwana wa mnzake kumsana.

Magulu athu ndi ana a khalidwe limenelo, ndipo ayenera kulikumbukira polemba malamulo awo. Sukulu za boma za ana aang'ono ku Zimbabwe zimalandira ana okulirapo, monganso sukulu zambiri za mkombaphala ku Malawi, choncho zaka zoyambirira zidakali pa msana wa mayi. Gulu lingathe kupatula kathumba ka uchembere, kosiyana ndi ka maliro, kuti wogulitsa pamsika akhale pakhomo masabata oyamba osaopa njala. Lingathe kuimitsa chiwongoladzanja cha mayi wochira kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Lingathe kusinthana masiku olera, kapena kubwereka mpamba mmodzi wa ife kuti atsegule kamalo kosungira ana pamtengo wotheka, atsikana athu asasiye sukulu chifukwa cha ulezi. Lingathenso kufunsa pa msonkhano uliwonse ngati pali mwana wa membala amene alibe setifiketi, nkupereka ndalama ya basi ndi munthu womuperekeza. Ndipo abambo, amene ambiri aphunzira kale kubereka mwana kumsana, tiwauze poyera kuti kulera ndi ntchito yawonso.

Agogo athu a ku Eiffel Flats, Chakari, Rimuka ndi Pfupajena analibe buku la masheya kapena foni yotumizira ndalama. Ife tili nazo zonsezi, ndipo timafikirana kuchokera ku Chegutu mpaka ku Dedza pa tsiku limodzi. Pamene tikugawana phindu la chaka chino, tiwerengenso kuti ndi makanda angati a mamembala athu amene anali ndi womusiyira wodalirika, madzi abwino ndi pepala la dzina lawo.